Usiku umodzi pakhomo pa sitolo: ulemu wa ogona m'galimoto ku America

Dzuwa likalowa m'matauni a m'mbali mwa misewu ikuluikulu ya ku America, monga Interstate 40 umene umadutsa ku Texas, New Mexico ndi Arizona, pabwalo loimikapo magalimoto la masitolo ena pamachitika zimene mlendo wochokera kwathu angadabwe nazo. Ogula akayamba kuchepa, cha kumalire kwa bwalo, kutali ndi khomo, kumafika zimagalimoto zazitali ngati basi. Zimaima motalikirana, nyali zakunja n'kuzima, makatani n'kutsekedwa. Palibe wotuluka ndi mpando, palibe wokoleza moto, palibe wailesi. Kukamacha, ogula oyamba asanafike, zambiri zimakhala zitapita kale, pansi osatsala ngakhale kapepala. M'katimo munali anthu, ndipo anagona tulo tawo bwinobwino osalipira kalikonse.

Magalimoto amenewa amawatcha RV, chidule cha mawu achingerezi otanthauza galimoto yokasangalalira. Kunena zoona ndi nyumba ya matayala, muli bedi, khitchini, firiji, chimbudzi ndi bafa. Ina ili ndi injini yakeyake ndipo imatalika mpaka mamita 13 kapena 14, ina ndi kalavani yokokedwa ndi pikiapu, ina ndi kaminibasi kokonzedwa m'kati. Kafukufuku wa RVIA, bungwe la makampani opanga magalimotowa, anapeza mu 2021 kuti mabanja oposa 11 miliyoni ku America ali nayo, ndipo chaka chomwecho mafakitale anatulutsa pafupifupi 600,000, ambiri mwa iwo kuchokera kudera la Elkhart ku Indiana.

Munthu wa ndalama zogulira chinyumba chotere agoneranji pabwalo la sitolo ngati wosowa kolowera? Mitunda ndiyo imachititsa. Kuchoka ku New York kukafika ku Los Angeles ndi makilomita pafupifupi 4,500. Chaka ndi chaka, chisanu chikayandikira, okalamba opuma pantchito a ku Canada ndi a kumpoto kwa America amathawira kumwera kofunda, ku Florida, Texas ndi Arizona. Eni dziko amawatcha snowbirds, kuwafanizira ndi mbalame zothawa kuzizira. Wochokera ku Toronto wopita ku Florida ali ndi makilomita oposa 2,000 patsogolo pake, ndipo ndi galimoto yolemera chonchi ndi ulendo wa masiku atatu kapena anayi. Malo olipira ogonapo ma RV alipo ambirimbiri, okhala ndi magetsi, mpopi ndi potayira zam'chimbudzi. Koma kawirikawiri ali patali ndi msewu waukulu, ofesi yake imatseka madzulo, nyengo ya tchuthi amadzaza, ndipo kulipira madola 50 pa usiku umodzi si zachilendo. Wofika 9 koloko usiku, amene 6 koloko m'mawa akhala alinso pamsewu, alibe ntchito ndi dziwe losambiramo. Akufuna pamalo posalala, powala, pamene sadzadzutsidwa pakati pa usiku.

Dzina limene limamveka kwambiri pankhaniyi ndi Walmart. Sam Walton anatsegula sitolo yoyamba ku Rogers, m'chigawo cha Arkansas, mu 1962, ndipo lero masitolo ake ku America kokha aposa 4,000, ambiri ali pafupi ndi pokhotera kuchoka mumsewu waukulu, mabwalo ake otakasuka ngati mabwalo a mpira angapo. Amene anagulapo ku Game anagula kwa mdzukulu wa kampani yomweyi, pajatu mu 2011 Walmart inagula gawo lalikulu la Massmart ya ku South Africa, mwini wake wa Game. Apaulendo anafika popanga liwu lawolawo, Wallydocking, kuchokera ku dzina losereula la sitoloyi ndi liwu lakale loti boondocking, lomwe limatanthauza kugona pamalo popanda mpopi kapena magetsi. Mfundo ya kampaniyi ndi yaifupi: sipereka magetsi kapena china chilichonse, imalola ma RV kuima pamene kuli kotheka, ndipo chilolezo amapereka ndi manijala wa sitolo iliyonse payokha, poona kukula kwa malo ndi malamulo a m'deralo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Palibe lamulo la dziko lopatsa wapaulendo ufulu wogona pamenepo. Bwalolo lili ndi mwini wake, ndipo zimene zikuchitika ndi chifundo cha mwini khomo, chimene angachibweze tsiku lililonse osafotokozera munthu. Manijala akapeza m'mawa wina atataya nyansi m'ngalande, sayamba kufufuza kuti anali wa galimoto iti. Amangokhoma chikwangwani choletsa aliyense, basi. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo oyenda pa RV amadziwa kuti nsomba zake ndi iwowo. Choncho ulemu umene tikunenawu suchokera pa kukoma mtima kokha. Aliyense akuteteza pogona pake pa chaka chamawa, ndi pa mnzake amene akubwera m'mbuyo, amene sadzakumana naye n'komwe.

Kalabu ya oyenda pa RV ya Escapees, imene Joe ndi Kay Peterson anayambitsa mu 1978, inalemba mwambowu m'mizere yochepa, makalabu ena n'kuuvomereza. Imati gonani usiku umodzi wokha, pemphani kwa munthu woyenera, mverani zikwangwani, musatulutse mipando, mbaula kapena chinsalu cha mthunzi, musatsitse majeke paphula, siyani malo ali oyera kuposa mmene munawapezera, gulani kanthu ngati kuthokoza, ndipo mukaona kuti pamalopo sipali bwino chokani. Zikumveka zophweka. Koma mzere uliwonse uli ndi chifukwa chake, ndipo ina mwa iyo eni akewo amakanganapo mpaka lero.

Odi amaperekedwa kwa mwini khomo

Cholakwa cha oyamba kumene ndi kuona ma RV ena asanu ataima n'kuganiza kuti ndiye kuti n'kololedwa. Asanuwo mwina nawonso anangoonera woyamba, amene sanafunse aliyense. Cholakwa china ndi kukhulupirira foni. Pali mapulogalamu monga AllStays ndi iOverlander amene apaulendo amalembamo kuti pakutipakuti tinagona bwino, koma amene analemba anagona mwezi watha, ndipo manijala wa mwezi watha mwina anasamutsidwa. Ozolowera amaimba foni masana adakali panjira, kapena akafika amalowa n'kupita patebulo lothandizira makasitomala, n'kupempha kuyankhula ndi manijala amene ali pantchito nthawi imeneyo. Mnyamata wosonkhanitsa timangolo togulira zinthu panja si woyenera kufunsidwa, ngakhale atavomera ndi nkhope yowala, chifukwa mawu ake sadzakuombolani. Mlonda amathandiza kuloza malo, komabe chilolezo si chake.

Mafunso ake ndi awiri okha: kodi ndingagone usiku uno, ndipo ndiime pati? Lachiwirili ambiri amaliiwala, chonsecho ndilo lofunika. Masitolo aakulu amalandira katundu usiku, ndipo thiraki yobweretsa katundu imafuna pokhotera patali. Usiku womwewo kumabwera galimoto yosesa bwalo, ndipo m'nyengo ya chisanu kumabwera yokankha chipale, imene imachiunjika cha kumalire komwe ma RV amakonda kuima. Manijala amadziwa zonsezi, mlendo sazidziwa. Ochenjera amalemba dzina la amene wavomerayo ndi nthawi yake pakapepala, kuti mlonda wa usiku akadzafunsa pakhale chonena.

Pali pena pamene ngakhale manijala alibe mphamvu. Masitolo ena amachita lendi malo, bwalo n'kukhala la mwini msika wonsewo, amene ali ndi kampani yake yokoka magalimoto oima molakwika. Pena khonsolo ya mzinda inakhazikitsa lamulo loletsa kugona m'galimoto paliponse, ngakhale pamalo a munthu. Zikatero manijala wachilungamo amanena mosabisa kuti ife tilibe nazo vuto koma apolisi akhoza kukulipitsani. Yankho lotere ena amalitenga ngati kuvomera. Ine ndimaliona ngati kukana kwaulemu, ndipo wanzeru amathokoza n'kupitirira.

Kuimika n'kwina, kumanga msasa n'kwina

Mwambo wonsewu waima pa kusiyanitsa zinthu ziwirizi. Woimika amaoneka ngati galimoto ina iliyonse imene mwini wake walowa m'sitolo, kungoti ndi yaikulu. Womanga msasa amaoneka ngati wafika. Watambasula chinsalu cha mthunzi, watulutsa mipando ndi katebulo, akuotcha nyama, wayanika thaulo pagalasi, ana akupalasa njinga pakati pa magalimoto. Palibe chimodzi mwa izi chimene chili choipa pachokha. Vuto ndi amene akuona. Mayi wa m'tauniyo wobwera kudzagula mkaka amaona bwalo la sitolo yake litasanduka mudzi, n'kukadandaula kwa manijala. Mwini malo olipira a RV wa pafupi pomwepo amadutsa, n'kujambula chithunzi, n'kupita nacho kumsonkhano wa khonsolo kukanena kuti taonani, ine ndimalipira msonkho ndi laisensi, awa akuchita bizinesi yanga yomweyo ulere. Ndipo akaonetsa chithunzi cha mipando ndi mbaula, zimavuta kumutsutsa.

Pamene mkangano umakula ndi pa zipinda zotuluka m'mbali. Ma RV ambiri amakono ali ndi mbali zimene ukadina batani zimatuluka kunja ngati dilowa ya kabati, ina mpaka pafupifupi mita imodzi, kuti m'kati mukule. Okhwimitsa mwambo amati dilowa ikangotuluka ndiye kuti wamanga msasa. Ena amayankha kuti magalimoto ena anapangidwa moti dilowa ikakhala m'kati sungafike pabedi, pena ngakhale kuchimbudzi, ndiye agone choimirira? Ambiri anagwirizana pakatikati: ima m'mbali mwenimweni mwa bwalo kuti dilowayo itulukire kukapinga kapena kumpanda, osati kumene magalimoto amadutsa, ndipo tulutsa yokhayo imene sungachitire mwina. Ndikuona kuti n'zanzeru, makamaka chifukwa dilowa yotulukira kunjira usiku ili pamsinkhu woti galimoto yodutsa ikhoza kuiomba, ndipo kuseri kwa khomalo kuli mutu wa munthu wogona.

Za majeke palibe mkangano weniweni, pali anthu osadziwa chabe. RV yaikulu imalemera matani oposa 10, ina kufika 20, ndipo ili ndi majeke otsika okha kuti iime mowongoka, poti mafiriji ena a gasi sagwira bwino ntchito galimoto ikapendekeka. Kulemera konseko kukatsamira pa timapazi tinayi tachitsulo, phula limene latenthedwa ndi dzuwa la Arizona tsiku lonse limabonyoka ngati phala lozizira. M'mawa mlendo wapita, pansi patsala maenje anayi, mvula ikabwera madzi n'kumaimamo, phula n'kuyamba kung'ambika. Wokonza ndi mwini sitolo. N'chifukwa chake amati funa pamalo posalala n'kugona choncho, ndipo ukapendekeka pang'ono pirira, usiku umodzi sufa nawo.

Chimodzimodzi kumasula kalavani. Wokoka kalavani akaimasula n'kuisiya pabwalo, iye n'kupita ndi pikiapu kukaona mzinda kapena kukadya kwina, wasandutsa sitolo kukhala posungira katundu wake. Manijala akafuna kuti isunthe alibe womuuza. Kalavani imagona ili chimangire.

Jenereta ndi nkhani ya phokoso komanso ya moyo. M'chilimwe cha ku Texas usiku umatentha moti popanda makina oziziritsa tulo sitibwera, ndipo makinawo amafuna jenereta. Amene waima pafupi, amene watsekula mawindo kuti mphepo ilowe, amalandira phokosolo ndi utsi womwe. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya uja wopanda fungo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, ndipo umatha kulowa pawindo la woyandikana naye. Ulemu wake ndi kuima patali ndi anzako ngati ukudziwa kuti uliza jenereta, ndi kuizima usiku ukakula ngati nyengo ikulola. Kuima patali kuli ndi ubwino winanso. Bwalo lonse lili pululu, wina n'kubwera kudzaima mogundana nawe, zimakwiyitsa mofanana ndi munthu wodzakhala pampando wako m'basi yopanda anthu.

Tifike ku zonyansa. RV ili ndi mathanki atatu, ya madzi abwino, ya madzi otsukira mbale ndi osamba, ndi ya zam'chimbudzi. Ziwiri zomalizazi amazitcha yotuwa ndi yakuda, ndipo zonse zimakhuthulidwa pamalo okonzedwera ntchitoyo, amene amapezeka kumalo olipira a RV, kumalo ena omwetsera mafuta mathiraki, ndi pamalo ena opumira a m'mbali mwa msewu. Ngalande za pabwalo la sitolo ndi za madzi a mvula, ndipo zambiri zimakathira kumtsinje osadutsa koyeretsera. Wotsekula thanki pamenepo waswa lamulo, ndipo ndiye amatseketsa malo mwachangu kuposa wina aliyense. Ena amadzinamiza kuti yotuwa ndi madzi a sopo chabe. Amene ananunkhizapo madzi otsukira mbale atakhala m'thanki masiku anayi kukutentha sanganene zimenezo. Zinyalala nazo zili ndi muyeso wake: kajumbo kamodzi m'bini ya pabwalo palibe angadandaule, koma matumba a sabata yonse ounjikidwa pambali pa bini ndi mwano. Wokhala ndi galu amamuyendetsa pachingwe n'kutola zimene wasiya pakapinga.

Kugula kanthu m'sitolomo si lamulo, ndipo palibe amene adzafunse lisiti. Koma tisanamizane, sitolo si tchalitchi. Imalola zimenezi chifukwa banja la mu RV limadzaza firiji, kugula madzi, gasi, mankhwala ndi mafuta a galimoto, ndipo bwalo limene usiku likanakhala lopanda ntchito limabweretsa kasitomala. Apaulendo ena amaseka kuti usiku waulere pa Walmart umawadyera ndalama zambiri kuposa wolipira, ngakhale kuti zogulazo akanagulabe kwina. Kwathu munthu sapita kukagona kwa eni chimanjamanja, ndipo apa mfundo yake ndi yomweyo, kungoti nkhuku yake ndi lisiti.

Kenako kuchoka. Mlendo ndi mame, ndipo pabwalo la sitolo mamewo amayenera kukamuka m'mawa ndithu. Kufika madzulo ogula atachepa, kunyamuka sitolo isanadzaze. RV ya mamita 13 imadya malo a magalimoto asanu kapena kuposa, ndipo Loweruka masana malo amenewo ndi ndalama. Kumalo odyera a Cracker Barrel, kampani imene inayamba mu 1969 ku Lebanon m'chigawo cha Tennessee, nthambi zambiri zili ndi mizere ingapo yaitali kuseri, ya mabasi ndi ma RV, ndipo mamanijala ambiri amalola kugonapo. Koma mizereyo ndi yochepa, ndipo inaikidwira odzadya. Wogona pamenepo amadya chakudya chamadzulo kapena kadzutsa m'katimo, n'kuchoka msanga, makamaka Lamlungu pamene anthu ochokera kutchalitchi amadzaza malo onse.

Amene alibe kwina kopita

Pali gulu lina limene limafuna malo omwewa, ndipo kwa iwo si tchuthi. Lamulo la boma la America limalola dalaivala wa thiraki kuyendetsa maola 11 okha, kenako apume maola 10 otsatizana. Kuyambira mu December 2017 mathiraki ambiri ali ndi kachipangizo kolemba maolawo kokha, moti za kunamiza buku zinatha. Nthawi ikakwana ayenera kuima, kaya malo alipo kaya palibe, ndipo malo oimikapo mathiraki ndi osakwanira m'dziko lonselo. Mu 2009 dalaivala wina, Jason Rivenburg, atasowa poima pabwino ku South Carolina, anagona pamalo akale omwetsera mafuta amene anali atatsekedwa, ndipo anaphedwa ndi wakuba chifukwa cha madola 7. Imfa yake inabala lamulo lotchedwa dzina lake, la mu 2012, lolimbikitsa kuwonjezera malo opumira madalaivala. Amene anaonapo mathiraki atandandalika usiku pachipata cha Mwanza kapena Dedza, madalaivala atagona m'kati, akudziwa moyo umenewu.

Choncho pamalo omwetsera mathiraki monga Pilot Flying J, Love's kapena TA, wa RV saloledwa ndi mwambo kulowa mumzere wa mathiraki ngati pali pena poti aime. Nthambi zina zili ndi mizere ya ma RV kutsogolo, ndipo malo ake ndi amenewo. Wa RV akasowa malo akhoza kuyenda ola lina kapena kukalipira. Wa thiraki akapitirira ndiye waswa lamulo, ntchito yake ili pachiswe. Ndipo wa RV amene wasankha kugona pafupi ndi mathiraki asadandaule za injini kapena firiji ya thiraki yolira usiku wonse, poti anapita yekha kuntchito kwa eni.

Malo olola akucheperachepera, ndipo izi ozolowera onse amavomereza. Zifukwa zake n'zingapo zolukanalukana. Mu March 2020, mliri wa COVID-19 utafika, Walmart inasiya kutsekula usiku wonse, ndipo mpaka pano masitolo ambiri amatseka 11 koloko usiku. Kale sitolo ikakhala yotsekula, pabwalo pamakhala anthu, chimbudzi chili pafupi, manijala alipo. Tsopano pakati pa usiku pabwalo pamatsala ogona okhaokha, ndipo mwini malo amayamba kuganiza za milandu ngati wina atavulala kapena kuberedwa. Makhonsolo ambiri, makamaka m'mizinda ikuluikulu ndi m'madera okopa alendo a ku California ndi Florida, anakhwimitsa malamulo. Ku Whitehorse, m'chigawo cha Yukon ku Canada, bwalo la Walmart linali lotchuka kwa zaka zambiri kwa opita ku Alaska, moti m'chilimwe linkadzaza ma RV ngati msika. Ena anayamba kukhalapo masabata ndi miyezi, ndipo pamapeto pake sitoloyo inaletsa onse.

Koma apa mpofunika kunena chilungamo, chifukwa oyenda pa RV amakonda kuloza chala anthu amene amawatcha owononga mwambo, osafunsa kuti ndi ndani. Ena ndi amwano ndithu. Koma ambiri mwa okhalitsa pamabwalowa ndi anthu amene lendi inawakanika, amene galimoto yakale ndiyo nyumba yawo yomaliza, ena mwa iwo akugwira ntchito m'tauni momwemo. Lamulo loti usiku umodzi wokha ndi lopepuka kwa wopuma pantchito amene mawa akhala ali makilomita 600 kutsogolo. Kwa mayi amene mwana wake amaphunzira pasukulu ya pafupi pomwepo, lamulo lomwelo likutanthauza kusamuka usiku uliwonse. Mu June 2024 khoti lalikulu la America, pamlandu wa mzinda wa Grants Pass ku Oregon, linagamula kuti mizinda ikhoza kulanga ogona pamalo a boma, ndipo izi zinapatsa makhonsolo mphamvu zowonjezera. Lamulo la khonsolo likalembedwa silingathe kunena kuti wa galimoto yonyezimira agone, wa galimoto yadzimbiri achoke, ndiye limaletsa onse. Mwambo wa Escapees unalembedwera apaulendo, ndipo pa ntchito imeneyo ndi wabwino. Vuto la nyumba silingathe ndi ulemu wa pabwalo la sitolo, ndipo sindiona kuti n'koyenera kuwerengera osauka mlandu wa zikwangwani zonse.

Pamene khomo lina likutsekeka, ena anapeza bizinesi. Harvest Hosts ndi kalabu yolipira pachaka imene imalumikiza apaulendo ndi minda, mafamu a mphesa ndi malo osungirako zinthu zakale, kumene munthu amagona usiku umodzi n'kugula kanthu kwa mwini malo. Mu 2021 inagula Boondockers Welcome, imene imachita zomwezo ndi mabwalo a panyumba za anthu. Masitolo ena a Cabela's, ogulitsa za usodzi ndi ulenje, ali ndi mizere ya ma RV, ena mpaka potayira zam'thanki. Kumadzulo kwa dzikolo kuli malo aakulu a boma oyang'aniridwa ndi Bureau of Land Management, kumene nthawi zambiri munthu amaloledwa kukhala masiku 14 ulere, ndipo kumeneko mipando ndi mbaula zituluke mmene zingathere. Ku Quartzsite m'chipululu cha Arizona, January aliyense kumasonkhana ma RV osawerengeka. Kwa abale amene ali ku Britain, chenjezo ndi lakuti mwambowu sunaoloke nyanja: mabwalo a masitolo akuluakulu kumeneko ali ndi malire a maola ochepa ndi makamera owerenga nambala ya galimoto, ndipo wogonapo amalandira kalata ya chindapusa kunyumba.

Chimene aliyense wogona pabwalo la sitolo amachiopa ndi kugogoda. Cha m'ma 2 koloko usiku, chitseko gogogo, tochi ikuwala pakatani. Ozolowera satsekula chitseko. Amayatsa nyali, n'kuyankhula pawindo, n'kuona ngati ndi wapolisi, mlonda, kapena munthu wamba wopempha ndalama. Akakhala wapolisi kapena mlonda, amatchula dzina la manijala lija analemba pakapepala, kamodzi kokha, mwaulemu. Akauzidwabe kuti achoke, sakangana, ngakhale chilolezo anali nacho, chifukwa mkangano wa usiku umenewo m'mawa umakafika patebulo la manijala ngati dandaulo lokhudza anthu a ma RV. N'chifukwa chake asanagone amaimika galimoto itayang'ana kotulukira, masitepe atapindidwa, mbale zitalowa m'kabati, mpando wa dalaivala uli wopanda katundu, makiyi ali pamalo amodzi odziwika. Ndipo sakhudza mowa usiku umenewo, poti amene angauzidwe kuti ayendetse matani 15 nthawi ina iliyonse ayenera kukhala woti angayendetsedi. Pafoni amakhala atasunga kale malo achiwiri, a mphindi 20 kapena 30 kutsogolo.